Tifunseni za Umoyo: Akuti amayi awabaya masingano a radiation mkati, tivomere kapena tizipita kwathu?

Mwezi uno makalata atatu afika okhudza chinthu chimodzi, nkhani yoika radiation mkati mwenimweni mwa thupi pochiza khansa, nde ndangowaika pamodzi. Ndayamba ndi yaitaliyi chifukwa mwini wake akudikira yankho ali pa benchi ya kuchipatala. Mayina tachotsa monga mwa masiku onse.

FUNSO

Zikomo akonzi. Ine ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Lizulu ku Ntcheu, ndimagulitsa kachewere ndi kabichi pamsika pompo. Amayi anga a zaka 54 anawapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero, zinayamba ndi kutaya magazi pomwe kusamba anasiya kalekale. Anatitumiza kutauni komwe akhala akulandira kemo sabata iliyonse komanso radiotherapy ya makina aja amazungulira munthu ali gone, masiku 25, gadiyani ndine. Ife timaona ngati tamaliza mpaka ndinayamba kumanga katundu, nde dzulo adokotala akuti ayi kwatsala ina yamkati akuti brachytherapy, ndipo akuti kwa amayiwa chitsulo chokha sichikwana awonjezera masingano, pomwe mayi wa bedi loyandikana nafe anangomuika chitsulo basi opanda singano. Akutinso tsiku lililonse loika azidzapita kaye ku sikani kenako adikire maola ali chigonere kuti awerengetsere pa kompyuta. Amalume atamva pafoni akuti tibwere nawo kumudzi, akuti zimenezo nzoyeserera pa anthu osauka ndipo munthu akamuika zoterozo sangagonenso nyumba imodzi ndi adzukulu. Amayi atopa, akutsegula m'mimba, ndalama zatha, kumunda kachewere wakhwima akufunika kukumba. Zoona nziti?

Gadiyani wotopa, Lizulu

YANKHO

Achemwali pepani ndi matenda, ndipo mwachita bwino kufunsa musanakwere minibasi. Ngati bandulo yatsala pang'ono werengani mzere uno wokha: masulani katunduyo, amayi sanamalize, ndipo gawo latsalali ndi limene limamalizitsa chotupa. Zinazo tiyeni tikambirane bwinobwino.

Radiation imayezedwa ndi mlingo wotchedwa gray, amalemba Gy. Makina aja amayi agonapo masiku 25 nthawi zambiri amapereka 1.8 Gy patsiku, zonse pamodzi 45 Gy, ena amafikitsa 50. Koma kuti khansa ya khomo la chiberekero imene yakula ife ndithu, madokotala amafuna kuti chotupacho chilandire mphamvu yofanana ndi 85 mpaka 90 Gy. Mukuona kuti pali mpata waukulu. Nanga osangopitiriza ndi makina omwe aja bwanji? Chifukwa cheza chochokera kunja chimadutsa pakhungu, m'matumbo, m'chikhodzodzo chisanafike pa chotupa, ndipo kutsegula m'mimba kumene amayi akuchitaku ndi matumbo akudandaula ndi 45 yokhayo, mutati muwapatse 90 kuchokera kunja ndiye kuti mwapha khansa limodzi ndi matumbo omwe. Ndiye njira ndi yotenga gwero la radiation kulilowetsa mkati kuti likagundane ndi chotupacho. Mawu oti brachy ndi achigiriki, amatanthauza chachifupi, basi palibe chinsinsi china.

Inu a ku Lizulu simufunika kuphunzitsidwa za mbaula. Usiku wa June mukudikira malole pamsika, amene wakhala pafupi ndi mbaula miyendo imachita kupsa, amene ali kumbuyo kwake mapazi awiri okha akunjenjemera ngati palibe moto. Radiation imatero kumene ndipo ili ndi lamulo lake la masamu: mtunda ukawirikiza kawiri mphamvu imatsika kanayi. Tiyerekeze kuti pa sentimita imodzi kuchokera pa gwerolo mphamvu ndi 100, pa masentimita awiri yatsika kale kufika cha m'ma 25, pa atatu cha m'ma 11, koma mukayandikira pa theka la sentimita yakwera kufika cha m'ma 400. Ubwino wonse wa brachytherapy uli pamenepa, chotupa chimapsa kwambiri pomwe chikhodzodzo chimene chili pafupi chimangomva kafungo. Koma kuopsa kwakenso kuli pomwepa, chifukwa singano ikaphonya ndi mamilimita ochepa chabe ndiye kuti penapake papsa mopitirira ndipo penapake khansa yatsala ikuwotha dzuwa. Nchifukwa chake muli sikani ndi kompyuta ndi kudikira konse kuja.

Tsopano za mayi wa bedi loyandikana nanu. Chitsulo chimene anamuika chija chili ndi ndodo yopyapyala yobooka mkati imene imalowa pa khomo la chiberekero mpaka m'chiberekero, ndi mkombero kapena timipira tiwiri timene timakhala mozungulira khomolo. Gwero la radiation likayenda m'menemo, mphamvu yake imafalikira mofanana ndi peyala, kumtunda kowonda kumunsi konenepa, mbali zonse ziwiri mofanana. Ngati chotupa chachepa bwino ndi radiotherapy yoyamba ija ndipo chili pakatikati, chimakwana mu peyalamo, nkhani yatha. Koma khansa siidziwa kukhala pakati. Nthawi zambiri imathawira mbali imodzi kulowera ku fupa la chiuno, kapena kutsikira kunjira ya abambo, ndiye kagawo kena kamasuzumira kunja kwa peyala. Kuti mufikire kagawo kameneko ndi chitsulo chokha muyenera kukoleza moto wapakati kwambiri, peyala yonse nkufufuma, ndipo ikafufuma imakagwira chikhodzodzo kutsogolo ndi thumbo la chimbudzi kumbuyo, zotsatira zake ndi zilonda zotuluka magazi mwinanso fistula, imene amayi akumudzi amaidziwa kuipa kwake. Masingano amabwera kudzathetsa zimenezi. Amabayidwa mu chotupa momwemo kumbali imene chathawira, nkukhala ngati timbaula tating'ono towonjezera, moto wapakati osaukoleza mopyola. Choncho amayi anu sakuwalanga ndipo mnzawoyo sanamukondere, zotupa zawo zangosiyana maonekedwe. Mukawafunsa adokotala kuti akuonetseni chithunzi cha sikani nkuloza mbali imene masingano akupita, ambiri amaonetsa ndithu.

Kuchuluka kwa masingano ndi motalikirana mwake si zongoganizira. Mukathira fetereza ku chimanga mumaboola kadzenje chapatali pang'ono ndi phesi, nkuthira kachitsekero kamodzi, phando lililonse chimodzimodzi. Mukaika pa tsinde penipeni chimanga chimapsa, mukatalikitsa kwambiri sichidya, mukadumpha mapando munda umatuluka mawangamawanga. Anthu a ntchito imeneyi akhala akulimbana ndi funso lomweli kwa zaka zoposa 100, ndipo apa ndi pamene ndikufuna amalume amve, muwawerengere pafoni. Marie Curie ndi mwamuna wake Pierre anatulukira radium, chinthu chotulutsa radiation, mu 1898, ndipo pofika 1901 dokotala wina wa ku Paris, Danlos, anali atayamba kale kuigwiritsa ntchito pa odwala. Poyamba ankangoika mwa diso, ena nkuchira ena nkupsa. Mu 1934 ku Manchester, dokotala Ralston Paterson ndi katswiri wa fizikisi Herbert Parker anatulutsa malamulo a kaikidwe, oti mphamvu yambiri izikhala m'mphepete mwa chotupa ndipo mlingo usasiyane kuposa 10 peresenti pamalo onse ochizidwa. Ku New York Edith Quimby anali ndi ake. Kenako m'zaka za m'ma 1960 ku Paris, Bernard Pierquin ndi Andrée Dutreix anakonza njira ya mawaya a iridium, yoti mizere izikhala yowongoka, yoyang'ana kumodzi, yotalikirana mofanana ngati mizere ya kumunda yoyezedwa ndi chingwe. Pa khansa ya khomo la chiberekero, kuyambira 1938 ankayeza mlingo pa kadontho kotchedwa point A, masentimita awiri kukwera ndi awiri kupita kumbali kuchokera pa khomolo, mayi aliyense kadontho komweko kaya chotupa chake nchachikulu kaya chaching'ono, ngati telala wosoka diresi la saizi imodzi mudzi wonse. Zinasintha kwambiri mu 2005 pamene gulu la akatswiri a ku Ulaya la GEC-ESTRO linatulutsa malangizo oti mlingo uziwerengedwa potengera chithunzi cha sikani cha munthuyo. Kafukufuku wamkulu wotchedwa EMBRACE amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021, wa amayi oposa 1,300 ochizidwa mwanjira imeneyi, anapeza kuti patatha zaka zisanu mwa amayi 92 pa 100 alionse khansa inali isanabwererenso pamalo pamene inawotchedwa. Sindikuti onsewo anachira, ena khansa inakatulukira kwina, koma pamalopo inagonja. Ndiye zoyeserera pa osauka ayi, ku London ndi ku Vienna anthu andalama zawo amalandira zomwezi. Chimene chinali cha osauka nchakuti kwa zaka zambiri kuno kwathu kunalibe radiotherapy olo, odwala ochepa amwayi ankatumizidwa ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Nairobi kapena ku India, ena onse ankangopatsidwa morphine nkubwerera kumudzi. Makina oyamba anayamba kugwira ntchito mu 2024 ku Blantyre.

Ndikufotokozereni tsikulo mmene limayendera kuti musadzidzimuke, ngakhale zipatala zimasiyana pang'ono. Adzawauza kuti asadye kuyambira usiku, mwina awapatsanso mankhwala otsuka m'mimba chifukwa thumbo lodzaza limakankhikira ku moto. M'mawa ku thiyeta, jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika kapena mankhwala ogonetsa, choncho pobaya samva. Amaika kapaipi ka mkodzo, kenako ndodo ija, kenako mkombero umene uli ndi timabowo m'mbali modutsa masingano, ndipo masinganowo ndi apulasitiki kapena a titanium, obooka mkati, otsekeka kunsonga, panthawiyi mulibe radiation iliyonse ndi mapaipi chabe. Chotupa chikakhala chotsika kwambiri amabayira panja, pakati pa njira ya abambo ndi njira ya chimbudzi, kudzera pa kathabwa kapulasitiki kamabowo kamene amakasokerera pakhungu kuti kasasunthe. Pomaliza amalongedza nsalu zofewa kutsogolo ndi kumbuyo kwa chitsulocho, ntchito yake kukankha chikhodzodzo ndi thumbo kuti zitalikire, mwakumbukira mbaula ija, sentimita imodzi yokha imapulumutsa zambiri.

Kenako ku sikani, CT kapena MRI, zitsulo zili momwemo. Apa ndi pamene inu mudzakhale panja kumaona ngati aiwala amayi. Sanawaiwale. Adokotala ali pa kompyuta, sikani yadula chiuno cha amayi m'zithunzi zambirimbiri ngati masilayisi a buledi, ndipo pa silayisi iliyonse akujambula ndi dzanja malire a chotupa ndi mtundu wina, chikhodzodzo mtundu wina, thumbo la chimbudzi, matumbo a pamwamba, chimodzichimodzi. Akamaliza amalowapo katswiri wa fizikisi, iye amalondola singano iliyonse pa zithunzizo kuyambira kunsonga mpaka kutsinde kuti kompyuta idziwe pamene ili ndendende. Gwero la radiation lenilenilo ndi kanthu kamodzi kokha kochepa kuposa njere ya mpunga, kowotchereredwa kunsonga ya waya, kamakhala m'makina otchinga bwino. Kamalowa mu paipi imodzi, nkuima pamalo ena masekondi angapo, nkusuntha mamilimita ochepa, nkuimanso, kenako nkutuluka kukalowa mu paipi ina. Ndiye pulani yonse ndi kusankha kuti kaime pati ndipo kwa masekondi angati. Kakachedwa pamalo ndiye pamenepo papsa kwambiri. Amawonjezera masekondi apa, chotupa chakwanira koma chikhodzodzo chapyola malire, amachotsako apo, thumbo lapuma koma kumbali kwa chotupa kwazizira, amapatsa singano ya kumanzere masekondi ena, choncho mpaka manambala agwirizane. Manambala amene amayang'anitsitsa ndi mlingo umene wafika pa 90 peresenti ya chotupa, komanso mlingo wa kachigawo ka 2 cc kamene kapsa kwambiri pa chiwalo chilichonse, 2 cc ndi pafupifupi theka la supuni ya tiyi. Akaphatikiza zonse ndi radiotherapy yakunja ija, chikhodzodzo sichiyenera kudutsa 90 Gy ndipo thumbo la chimbudzi 75, ambiri masiku ano amayesetsa kukhala pansi kwambiri pa manambala amenewa. Munthu wachiwiri amabwerezanso kuwerenga asanavomereze. Ntchito yonseyi imatenga ola limodzi, awiri, nthawi zina kuposa, ndipo ine ndimati bola gadiyani atope pa benchi kusiyana ndi kuti wowerengayo athamange.

Kuwotcha kwenikweniko nkwachidule zedi, mphindi 10 kapena 20. Amalumikiza mapaipi a makina ku masingano, iliyonse ili ndi nambala yake, paipi 3 ku singano 3, onse amatuluka m'chipindamo nkutseka chitseko, amayi amatsala okha koma akuwaona pa kamera ndi kuwalankhula pa sipika. Muwauziretu zimenezi chifukwa agogo ambiri amachita mantha pamenepa poona aliyense akuthawa. Sikupweteka, samva kutentha, amangomva kaphokoso ka makina. Ogwira ntchitowo amatuluka chifukwa iwo amachita zimenezi tsiku ndi tsiku chaka chonse. Ikatha nthawi kanjere kaja kamabwerera m'nyumba mwake, amalowa ndi kachipangizo koyezera kutsimikiza kuti palibe chatsala, nkuchotsa zitsulo zonse. Pochotsa pamawawako ndipo magazi pang'ono amatuluka, apemphe mankhwala aululu asachite manyazi. Nde funso la amalume lija: m'thupi mwa amayi simutsala radiation olo pang'ono, zili ngati mwazimitsa tochi. Adzukulu awanyamule tsiku lomwelo, adye nawo mbale imodzi, agone nawo mphasa imodzi.

Chifukwa chobwerezera sikani ulendo uliwonse nchakuti dzulo si lero. Nthawi zambiri amagawa maulendo atatu kapena anayi, mwachitsanzo 7 Gy kanayi kapena 8 Gy katatu, ndipo musadabwe kuti 45 kuphatikiza 28 sizikukwana 85, mlingo waukulu woperekedwa kamodzinkamodzi umaluma kwambiri kuposa woperekedwa pang'onopang'ono ndiye ali ndi kawerengedwe kake kosinthira. Pakati pa maulendowa chotupa chimafota, chitsulo sichikhala ndendende pomwe chinali, thumbo lero lili ndi mpweya mawa lilibe. Pulani ya sabata yatha kuigwiritsa ntchito lero nkuvala nsapato ya mwana ya chaka chatha.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine pa kalata yanu si masingano, ndi kalendala. Chithandizo chonse kuyambira tsiku loyamba la makina aja mpaka brachytherapy yomaliza chimayenera kutha mkati mwa masabata 8, masiku 56, ndipo akatswiri ena amafuna masiku 50. Khansa yotsala ikaona kuti mwaisiya imayamba kuswana mwachangu kuposa kale, ndipo kafukufuku wa zaka zambiri amaonetsa kuti tsiku lililonse lopyola pamenepo mwayi wogonjetsa chotupa umatsika ndi theka la peresenti mpaka peresenti imodzi. Inu masabata asanu apita kale. Mukapita kukakumba kachewere nkubwera pakatha mwezi mwataya zambiri zimene amayi avutikira. Amalume amene ali ndi mphamvu zoimba foniwo apeze aganyu akumbe, agulitse pa Lizulu pompo akutumizireni pa Mpamba kapena Airtel Money, umenewo ndiye umwini mbumba. Ndipo pano ndidandaule pang'ono ndi anzathu a zipatala, sindikutchula malo: gadiyani samayenera kumva za brachytherapy pa tsiku la 25. Auzeni anthu tsiku loyamba kuti ulendowu uli ndi zigawo ziwiri kuti akonzekere ufa ndi ndalama, munthu ukamuuza kuti wafika kenako nkumuonetsa phiri lina amagwa mphwayi.

Za kutsegula m'mimba auzeni anesi lero lomwe, mankhwala alipo, amwe madzi ambiri ndi thanzi ORS, achepetseko kaye nyemba, kabichi ndi zamafuta. Afunseninso za magazi, chifukwa magazi akachepa radiation siigwira bwino ndipo nthawi zina amawonjezera kaye. Akabwerera kumudzi, kutentha thupi, magazi ambiri, kulephera kukodza kapena mkodzo kumangotuluka wokha, musadikire tsiku la sikelo thamangani. Palinso nkhani imene mwana sakamba ndi mayi ake, njira ya abambo imatha kuchepa ndi kuuma pambuyo pa radiation, kuchipatala amapereka kachipangizo kothandiza kuti isatsekeke, pemphani anesi achikulire akambe nawo paokha inu mutuluke. Inunso achemwali muli pomwepo kayezetseni khomo la chiberekero, ndipo ngati mwa ana anu awiriwo muli mtsikana wa zaka 9 kupita mtsogolo, katemera wa HPV, kachirombo koyambitsa khansa imeneyi, boma linayamba kupereka dziko lonse mu 2019, ndi waulere.

FUNSO

Alamu anga amagwira ntchito ku Johannesburg, anawapeza ndi khansa ya prostate, kachiwalo ka abambo ka pansi pa chikhodzodzo, ndipo akuti anawaika tinjere ta radiation toposa 70 tosachotsanso. Akubwera pa Khirisimasi ndipo akazi anga ndi oyembekezera. Tiwalandire m'nyumba kapena tiwapezere malo ku resiti hausi? Mkazi wanga sakufuna kuwakhumudwitsa achimwene ake koma ine mantha.

Bambo wa ku Linthipe, Dedza

YANKHO

Bambo, alandireni alamu anu, aphereni nkhuku. Koma mwafunsa bwino chifukwa iyi ndi yosiyana ndi ya pamwambayi, apa radiation imatsaladi m'thupi. Tinjereto nthawi zambiri ndi ta iodine-125, kalikonse kotalika mamilimita 4.5, kokutidwa ndi titanium. Amatibaya ndi masingano kudzera pa kathabwa ka mabowo otalikirana mamilimita 5, akuyang'ana pa sikani ya ultrasound, ndipo kompyuta imakhala itawerengeratu kuti kanjere kalikonse kakhale pati, tambiri m'mphepete mwa prostate tochepa pakati chifukwa pakati pamadutsa njira ya mkodzo imene safuna kuiwotcha. Mlingo wonse umakhala 145 Gy, nambala yoopsa kuimva koma imatuluka pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri.

Cheza cha iodine-125 nchofooka, chambiri chimathera mu prostate momwemo ndi mnofu wozungulira, chofika kunja nchochepa kwambiri. Komanso mphamvu yake imatsika ndi theka masiku 60 alionse, ndiye pakatha miyezi iwiri yatsala theka, inayi kota, pakatha chaka ndi miyezi 8 yatsala gawo limodzi mwa magawo 1,000. Simunandiuze kuti anawaika liti. Malangizo amene odwala amapatsidwa nthawi zambiri ndi oti kwa miyezi iwiri yoyambirira asakhazike ana pamiyendo nthawi yaitali ndipo asakhale mogundana ndi mayi woyembekezera kwa maola, kupatsana moni, kukumbatirana, kudyera pamodzi, kukhala mpando wina pabalaza zonsezo zilibe vuto. Mbale zawo, zofunda, chimbudzi, palibe chimene chimatenga radiation. Ngati pofika December miyezi iwiri idzakhala itadutsa ndiye basi iwalani. Afunseni za kakhadi kamene chipatala chimapereka kolemba tsiku ndi mtundu wa tinjereto, ayende nako chifukwa ma eyapoti ndi zipata zina zili ndi makina ozindikira radiation, komanso kadzathandiza akadzadwala kuno dokotala adziwe. Ndipo asaphonye kuyezetsa magazi kotchedwa PSA chifukwa cha holide, ndi imene imaonetsa ngati tinjereto tagwira ntchito. Mowa wa Khirisimasi achepetse, miyezi yoyambirira mkodzo umavuta kale, kukodza pafupipafupi ndi kuwotcha, mowa umangowonjezera.

FUNSO

Ndili Fomu 3 ku Dedza, ndimakonda fizikisi ndi masamu koma magazi ndimawaopa. Aphunzitsi anatiuza kuti kuchipatala cha khansa kuli anthu ongowerenga mlingo wa radiation. Zoona? Amaphunzira chani?

Mtsikana wa ku Bembeke

YANKHO

Zoona mphwanga, ndi amene ndamutchula pamwambapa wolondola masingano pa kompyuta, ntchito yake imatchedwa medical physicist, ndipo magazi amawaona patali. Dokotala amanena kuti ndikufuna mlingo wakuti pamalo akuti, iye ndi amene amapeza njira yake nkutsimikiza kuti makina akuperekadi zimenezo. Njira yake: ukhoze bwino MSCE makamaka fizikisi ndi masamu, digiri yoyamba ya fizikisi monga ya ku University of Malawi ku Zomba, kenako masitazi ya medical physics imene ambiri a mu Africa muno amakaichita ku South Africa, ku Ghana kapena ku Trieste ku Italy, kenako zaka zina zophunzira ntchito m'chipatala. Bungwe la maiko loona za mphamvu ya nyukiliya la IAEA limathandiza maphunziro oterewa, ndipo Malawi anali m'gulu la maiko oyamba kulowa mu pulogalamu yake ya Rays of Hope imene inayamba mu 2022. Anthu amenewa kuno ndi owerengeka ndiye ntchito ikukudikira. Ndipo usamve zoti ndi za anyamata, Edith Quimby ndi Andrée Dutreix ndawatchula aja onse anali amayi.

Ndikupatse ka homuweki koti uone kukoma kwake. Kanjere ka m'makina a brachytherapy kawirikawiri ndi iridium-192, imene mphamvu yake imatsika ndi theka masiku 74 alionse, nchifukwa chake zipatala zimaitanitsa katsopano kunja pafupifupi miyezi itatu iliyonse, ndipo zina m'maiko ngati athu zimasankha cobalt-60 imene imatenga zaka 5 ndi miyezi itatu kuti itsike theka, kuthawa mavuto a ndege ndi mapepala a pa kasitomu. Tsono tinene kuti kanjere ka iridium kali katsopano, pulani ya mayi wina ikutenga mphindi 6. Pulani yomweyo ingatenge mphindi zingati patatha masiku 74? Nanga ndege itachedwa nkufika masiku 148? Ukapeza, werengeranso ya masiku 37, imeneyo ndiye ikufuna kalikuleta, yankho lake si mphindi 9 ngati mmene anzako ambiri adzalembere. Unditumizire pa WhatsApp ya magazini ino, ndidzaika dzina la sukulu yako mwezi wamawa.